Tsiku Limene Ndinalanda Makiyi a Che Amidu

Ana anga, Tamara, Vitumbiko ndi iwe Wongani, za ubwana wanga ku Rumphi sindilemba muno. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo chaka chilichonse amawonjezerako zina zimene ngakhale ine mwini wake sindinazimvepo. Ine ndikufuna ndikusiyireni za ntchito imene inakulerani, ndi za munthu amene munkamuitana kuti agogo ngakhale sanali wa mtundu wathu kapena wa mpingo wathu. Zala zanga zinauma ndi nyamakazi, sipanala sindingathenso kuigwira, koma cholembera chikundimverabe.

Chaka chimene ndinafika ku Biwi

Ndinatsika basi ku Lilongwe ndili ndi chikwama chimodzi ndi satifiketi ya umakaniko yokulunga mu jumbo. Ndinafikira kwa malume ku Kawale, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kupita ku Biwi, kumene magalaja anandandalika m'mbali mwa msewu, kukapempha ntchito. Ena ankaseka Chichewa changa chonunkha Chitumbuka, ena ankangoti palibe, mutu osaudzutsa mu boneti. Galaja yomaliza inali ya mpanda wa malata akale, pakati pali mtengo wa mango wokolekapo tcheni chonyamulira injini. Mwini wake anali Che Amidu, bambo wamfupi wa ku Ntaja, wa ndevu zochepa ndi kachipewa koyera kamene sikankada ngakhale atagona pansi pa lole tsiku lonse. Anayang'ana satifiketi yanga mozondotsa, dala, kenako anandifunsa kuti, "Iwe, pa galimoto umadziwa chiyani?" Ine ndi mtima wa unyamata ndinati, "Zonse, bwana." Anaseka mpaka kukhosomola. "Zonse? Ndiye ine ndikuphunzitsa chiyani? Ubwere mawa ukudziwa theka lokha, ndikulemba ntchito."

Ndinabwera, ndipo ndinakhala pamenepo zaka zambiri. Che Amidu anali wa mtima wapachala. Ukasiya bawuti yosamanga ankakukalipira mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa kunja kwa mpanda ankabwera kudzakupepesera. Koma munthu yemweyo, dzuwa likafika pa liwombo, sankayamba kudya asanaone kuti aliyense wa ife wakhala pansi. Akazi awo, Abiti Yusufu, ndiwo ankabweretsa chakudya kuchokera ku Kawale, ndipo atadziwa kuti ndimakonda futali ankandiikira wanga pambali. Lachisanu masana abwana ankasamba, kuvala mkanjo, n'kundisiyira galaja akupita ku mzikiti. Lamlungu sankandiitana ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Ankati, "Mtumbuka wanga akaimbe kaye kwaya, galimoto siithawa." Tsiku la ukwati wanga ndi amayi anu, NyaUhango, anatsuka galimoto yawo ndi manja awo, anatinyamula kuchokera ku tchalitchi, ndipo anakhala kutsogolo pamodzi ndi malume ngati bambo anga ondibala.

Magalimoto a masiku amenewo anali a kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Ankanunkha petulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo palibe ankadandaula. Thanki inkapumira pa chotsekera, mpweya wa petulo n'kumangouluka. Tinkati galimoto yosanunkha petulo ndiye kuti yatha mafuta.

Zaka za ku Kanengo

Amene anandichotsa ku Biwi ndi Che Amidu omwe. Vitumbiko atabadwa anandiitanira pansi pa mtengo uja n'kunena kuti, "Gondwe, tsopano uli ndi pakamwa pambiri podyetsa. Kampani ina ya zamtengatenga ku Kanengo ikufuna makaniko, ndakulankhulira kale. Pita kumene kuli penshoni." Ndinati sindingawasiye. Anati, "Ndiye ndakuchotsa ntchito, tsopano pita." Tinasamukira ku Area 25, m'nyumba ya lendi ija ya khomo loyang'ana ku chigayo imene Tamara akuikumbukira.

Bwana wanga kumeneko anali a Nkhoma, munthu wamtali wovala khoti loyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Poyamba ndinkawaderera mumtima, ndinkati munthu wa manja oyera chonchi angandiuze chiyani. Koma ndiwo anaona patali. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan atayamba kudzaza m'tauni, anatisonkhanitsa n'kunena kuti, "Abambo, kabuleta ikupita. Amene akana kuphunzira apita nayo limodzi." Anatikhazika pa benchi ngati ana a sukulu, anajambula thanki pa bolodi, n'kutionetsa kuti m'magalimoto atsopanowa mpweya wa petulo sautaya. Umatuluka mu thanki kudzera m'timapaipi, n'kukalowa m'kachitini kodzaza makala kamene kamausunga. Injini ikatentha, kavalavu kamatseguka, mpweya uja n'kuyamwidwa kukapsa pamodzi ndi mafuta ena. Njira yonseyo iyenera kukhala yotsekeka ngati botolo. Pakangokhala kabowo, ngakhale kochepa ngati kobaya ndi singano, kanyali kachikasu kamayaka pa dashibodi, mafuta amatha msanga, ndipo nthawi zina fungo limalowa m'kati mokhala anthu. Vuto lake n'lakuti madzi akadontha umawaona, koma mpweya suoneka. A Nkhoma anali ndi makina opopera utsi m'mapaipi amenewo, ndipo pamene utsi watulukira, bowo lili pomwepo.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Masipeyala ankachedwa miyezi, ndipo tinkachotsa chitsulo pa galimoto yakufa kuti ina iyende, mpaka kumbuyo kwa wekishopu kunakhala ngati manda. Kampani itayamba kuchepetsa antchito, a Nkhoma anandiuza okha kuti ntchito yanga yatha, maso ali pansi. Sindinawasungire mangawa. Zimene anandiphunzitsa pa benchi ija ndizo zinakulipirirani sukulu ya sekondale nonse atatu.

Zaka za ku Area 23

Ndinatsegula kagalaja kanga kuseri kwa nyumba yathu ino. Makina a utsi sindikanatha kugula, ndiye ndinapanga anga ndi chitini cha penti, chingwe cha nyali choviika m'mafuta odzola a makanda, kawaya kotenthetsa ndi batire, ndi pampu ya njinga. Amayi anu anandifunsa kangapo kumene mafuta a mwana wa Tamara ankathera. Chitinicho chinanditchukitsa. Anthu ankabwera kuchokera ku Area 18 ndi ku Area 47 atamata kapepala pa kanyali kachikasu kaja kuti kasawasowetse mtendere, atasinthitsa kale mapulagi ndi zina zambiri osathandizika. Ine ndinkatseka potulukira mpweya, kupopa pang'onopang'ono, n'kugona pansi ndi tochi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri vuto linkakhala lochititsa manyazi: mphira wa pa chotsekera thanki wauma ndi dzuwa, kapaipi kotafunidwa ndi khoswe, kapena dzimbiri pa khosi lothirira mafuta. Mwini galimoto ankayang'ana kautsi kakutuluka n'kugwira pakamwa, ena mpaka kuseka okha.

Che Amidu anali atakalamba, galaja yawo ataipereka kwa mphwawo. Ankabwera kudzakhala pa mpando wanga wa pulasitiki n'kumanyoza chitini changa. "Gondwe, sukulu yonse ija unapita kukaphunzira kufukiza magalimoto ngati sing'anga?" Magalimoto atsopanowa sankawakhulupirira, ngakhale ana awo anali atawagulira imodzi, yaitali kumbuyo, yonyamula banja lonse.

Chaka cha mizere ya mafuta, mwezi wa ukwati wa Zainabu

Mukukumbukira mmene zinalili. Magalimoto ankagona pa mizere kudikira thanka yobweretsa mafuta imene palibe ankadziwa tsiku lake lofika. Munthu akafika pa mpope ankadzazitsa mpaka kukhosi, mpope ukadula ankati onjezani, anzake n'kumagwedeza galimoto kuti malo apezeke. Chimene sankadziwa n'chakuti petulo wosefukirayo amatsikira m'kachitini ka makala kaja, kamene kanapangidwira mpweya osati madzi. Ntchito inandichulukira chaka chimenecho, koma sinali ntchito yosangalatsa.

Zainabu, mwana womaliza wa Che Amidu, ankakwatiwa Loweruka kumudzi ku Ntaja. Ife tinali titapepesa kale kuti sitipita chifukwa cha mayendedwe. Lachisanu m'mawa ndikutsegula geti ndinaona galimoto yawo ikulowa, yodzaza ngati ya pa msika: matumba a mpunga, mapoto, azakhali awiri a mkwatibwi, zidzukulu zitatu kumpando wakumbuyo, ndi zigubu ziwiri za petulo wobwererera. Fungo linandipeza ndisanafike pa galimoto. Che Amidu anatsitsa galasi ali okwiya kale. "Gondwe, auze amayi akowa kuti galimoto ili bwino. Akuti mutu ukuwapweteka, akuti mwana wasanza, akuti kukununkha. Ine palibe chimene ndikumva. Yang'ana msanga tizipita, akuchimuna akufika madzulo ano ndipo wowalandira ndine."

Ndinagona pansi. Kachitini ka makala kanali konyowa, kong'aluka m'mbali, ndipo petulo ankadontha pang'onopang'ono pafupi ndi paipi ya ekizozi imene inali yotentha kale. Nditadzuka ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Mpweya umene unandiwomba unanditulutsa misozi, ndipo kamtsikana kamodzi kanali katatsamira pa mpando, maso ali lende. Ndinauza onse kuti atsike. Ndikupita kukatenga jeki, Abiti Yusufu ananditsatira n'kundigwira mkono kuseri kwa shedi. Analankhula monong'ona. "Mwanangu, abambo akowa mphuno zinafa. Chidwalireni chifuwa chija samva fungo lililonse. Tsiku lina nsalu inapsa m'nyumba iwo ali pomwepo. Koma usawauze, ndapota nawe. Amakana, ndipo ukawanena pamaso pa alongo awowa uwapha."

Ndinabwerera ndi jeki m'manja, mutu uli balala. Ndinawafotokozera kuti ndiyenera kupungula mafuta mu thanki, kufufuza ndi utsi, ndi kukasaka kachitini kena. Anafunsa kuti zitenga nthawi yanji. Ndinati sindikudziwa, mwina tsiku lonse.

"Upungule mafuta amene ndagonera pa mzere ngati mlonda? Tenga mphira wa chubu umange pamene pakudonthapo. Ndayenda ndi magalimoto odontha iwe usanamere mano."

"Bambo, mphira sugwira pamenepo. Ndipo m'katimo muli bowo lina limene sindinalipeze."

"Bowo lake liti? Ine ndakhala m'galimoto imeneyi kuchokera ku Kawale. Kukanakhala kununkha sindikanamva? Ukuyesa ndine mwana?"

Azakhali aja anandiyang'ana, akudikira yankho. Mawu anali pa lilime. Ndikanangonena kuti bambo, aliyense pano akumva kupatula inu, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanati ndalakwa. Ndinaona Abiti Yusufu ataphimba pakamwa ndi mpango. Ndinayang'ana munthu amene anandipatsa ntchito ndilibe kanthu, ataima ndi kachipewa kake koyera. Kuwalola kupita sindikanatha, msewu wa ku Ntaja ndi wautali, wa zitunda, ndipo dzuwa la mwezi umenewo limasungunula phula. Kuwavula pamaso pa alongo awo sindikanathanso. Ndinalowetsa dzanja pa windo, ndinazula makiyi, n'kuwaika m'thumba la ovolosi.

Ngakhale amayi anu, amene ankatsuka mbale pakhonde, anasiya.

"Gondwe, bweretsa makiyi anga."

"Sindikupatsani, bambo."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindikupatsani basi."

Kenako ananena motsitsa mawu, ndipo mpaka lero ndikanakonda akanandikalipira ngati kale. "Ndinalera galu, lero wandiluma pa ukwati wa mwana wanga." Anatuluka pa geti, anaimitsa kabaza, n'kupita. Mmodzi wa azakhali aja anati ana a masiku ano alibe mwambo, ine ndili ndi imvi mutu wonse. Amayi anu anawatengera onse m'nyumba, anawapatsa tiyi, n'kugoneka kamtsikana kaja pa mphasa pamphepo.

Ndinakankhira galimoto pamthunzi, ndinachotsa batire, n'kudikira kuti izizire. Ndinapungulira petulo m'zigubu zanga, osataya ngakhale dontho, chifukwa ndinkadziwa kuti adzafunsa. Kenako ndinalumikiza chitini changa n'kuyamba kupopa. Abiti Yusufu anaima pambali panga. Utsi unayamba kutuluka pa kachitini kong'aluka kaja, zimene ndinkayembekezera. Nditatseka pamenepo ndi kupopanso, kautsi koyera kanatulukira pansi pa mpando wakumbuyo, kakukwera pang'onopang'ono pamalo pomwe zidzukulu zinakhala. Nditanyamula mpando ndinapeza kuti mphira wozungulira pakamwa pa pampu ya mafuta, pamwamba pa thanki, unali wouma ndi wosweka, ndipo kachitseko kophimba malowo kanali kosamata. Mayi aja anangokhala pansi pa dothi, n'kutchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo.

Masipeyala anandizunguza. Ndinayamba ku Biwi, ndinapita ku Mchesi, ndinabwereranso. Ogulitsa ambiri amene ndinkawadalira anali atatseka kupita ku mapemphero a Lachisanu, ndiye ndinakhala pa njerwa kudikira, mawu aja a galu akungobwerera m'mutu. Mphira ndinaupeza kwa wina, kachitini ndinakachotsa ndekha pa galimoto yangozi kwa wina. Pamene ndinkamaliza kumanga ndi kupopanso utsi, osaona potulukira paliponse, dzuwa linali litapendeka kwambiri. Che Amidu anali atabwera, atakhala kunja kwa mpanda, osati pa mpando wawo wa masiku onse. Ndinawapititsira mphira wakale uja. Anaupinda, mng'alu unayasama, anauyang'anitsitsa, n'kuuika m'thumba la mkanjo. Maso awo sankaona bwino kukada, choncho ulendo unalephereka tsiku limenelo. Akuchimuna analandiridwa ndi mng'ono wa Che Amidu. Zainabu analira pa foni, ndipo ine ndinamva kulirako ndili chapatali. Musaganize kuti zimene ndinachita zinalibe mtengo wake. Bambo analephera kulandira alendo a mwana wake womaliza chifukwa cha ine.

Tinanyamuka m'bandakucha, ine ndikuyendetsa, chifukwa Abiti Yusufu anati sakwera ngati woyendetsa si ine. Zigubu zija ndinazimangirira pamwamba, kunja. Njira yonse Che Amidu anayang'ana pa windo. Ana kumbuyo ankaimba, mutu sunamupweteke aliyense. Tinafika anthu atakhala kale pansi, shehe akuyang'ana kumsewu. Ine ndinafuna kukhala m'galimoto ndi ovolosi yanga, koma mnyamata wina anabwera kudzanditenga n'kundikhazika pa mkeka wa akuluakulu a banja. Che Amidu, amene anamutuma, sanandiyang'ane ngakhale kamodzi tsiku lonse.

Titabwerera ku Kawale ndinaimitsa galimoto pakhomo pawo n'kuwapatsa makiyi ndi manja awiri. Anawalandira, anadikira kuti akazi atsike, kenako anati, "Gondwe, unandichititsa manyazi pamaso pa alongo anga."

"Ndikudziwa, bambo."

"Amayi akowa anakuuza kanthu kuseri kwa shedi kuja?"

"Anandiuza kuti mpunga usanyowe ndi petulo."

Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono. "Ndiwe wabodza, ndiponso wamwano. Sindinakukhululukire. Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi ubwere ndi NyaUhango, kwatsala nyama ya mbuzi."

Kuyambira pamenepo thanki sanaidzazitsenso mpaka kukhosi, ndipo ulendo uliwonse wautali ankayamba adutsa pano kuti ndiifukize, m'mene ankanenera. Akamatsika ankayamba ndi mawu omwewo moni asanapereke: sindinakukhululukire. Za mphuno zawo sitinakambepo ngakhale tsiku limodzi.

Atagonekedwa m'chipatala komaliza ndinapita kukawaona ndi amayi anu. Anali ataonda, mawu akutuluka movutikira, ndipo Zainabu anali pambali ndi khanda kumsana. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuwagwira dzanja. Anatsegula maso, anandizindikira, milomo n'kuyamba kugwedezeka. Zainabu anawerama kuti amve, kenako anadzuka akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi anu.

"Akuti sanawakhululukire."

Dzanja langa sanalisiye mpaka namwino anabwera kudzatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha.